Momwe mungadziwire ngati nambala ndi perfect square popanda calculator

Perfect square ndi nambala imene mumapeza mukachulukitsa nambala yathunthu ndi iyo yomwe, monga 6 × 6 = 36 kapena 12 × 12 = 144. Tengani zotsekera mabotolo 36 muziyale pansi mizere 6, mzere uliwonse zotsekera 6, muona mbali zonse zafanana. Chotsanipo chimodzi, pakona pakhala pobooka. Nkhaniyi imayamba msanga kusekondale ndipo simakusiyani mpaka pa MSCE, nthawi zina itabisala mu funso la Pythagoras kapena la quadratic equation.

Choyamba, lowezani ma square a 1 mpaka 25. Apa palibe njira yachidule, koma pali chokuthandizani mukaiwala. Onani 1, 4, 9, 16, 25: kusiyana kwake ndi 3, 5, 7, 9, kumangokwera ndi 2. Ndiye ngati mukudziwa kuti 20 × 20 ndi 400, phatikizanipo 20 ndi 21, mupeza 441, yemwe ndi square wa 21. Phatikizaninso 21 ndi 22, mwafika pa 484. Pa zotsekera zija, zimenezi n'chimodzimodzi kuwonjezera mzere umodzi m'mbali, wina pansi, ndi kamodzi kotseka pakona.

Chachiwiri, yang'anani nambala yakumapeto. Perfect square amathera ndi 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9 basi. Chifukwa chake n'chakuti mapeto a yankho amadalira mapeto a nambala imene mwachulukitsayo: 1 ndi 9 amabala 1, 2 ndi 8 amabala 4, 3 ndi 7 amabala 9, 4 ndi 6 amabala 6. Mukaona 5,348 kapena 12,907, musataye nthawi, imeneyo si perfect square. Yothera ndi 5 iyenera kuthera ndi 25. Yothera ndi 6, nambala ya kutsogolo kwa 6-yo ikhale yosagawika ndi 2, monga mu 16, 36, 196 ndi 576. Maziro akumapeto akhale awiriawiri: 2,500 inde, koma 250 ndi 1,000 ayi.

Chachitatu, phatikizani manambala onse mpaka patsale imodzi. Pa 7,396 tipeza 7 + 3 + 9 + 6 = 25, kenako 2 + 5 = 7. Perfect square amapereka 1, 4, 7 kapena 9. Ikatuluka ina, ikaneni.

Tsopano tafika pamene ophunzira ambiri amataya malikisi. Njira ziwiri zapitazi ntchito yake ndi kukana, sizivomereza. Zili ngati sefa ya ufa: imachotsa misere, koma sikuuzani kuti chadutsacho ndi ufa wabwino. Tengani 2,416. Yathera ndi 6, kutsogolo kwake kuli 1, zonse zili bwino. Phatikizani: 2 + 4 + 1 + 6 = 13, kenako 1 + 3 = 4, yadutsanso. Mwana wothamanga alemba pompo kuti ndi perfect square, pamene si choncho. 49 × 49 ndi 2,401 ndipo 50 × 50 ndi 2,500. Pakati pa 49 ndi 50 palibe nambala yathunthu, ndiye 2,416 yangogwera pakati. N'chimodzimodzi 200: maziro ndi awiri ndithu, koma yakhala pakati pa 196 ndi 225. Aphunzitsi ndi makolo, tsindikani pamenepa, chifukwa mwana akangozolowera kuti "yadutsa, ndiye ndi yomweyo", kumuchotsa chizolowezicho kumavuta kuposa kumuphunzitsa koyamba.

Kuti mutsimikize, pezani square root yeniyeniyo, kutanthauza nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabala nambala yanuyo. Dulani nambalayo pawiripawiri kuyambira kumanja, osati kumanzere. 7,396 ikhala 73 ndi 96. Nambala 73 ili pakati pa 64 (8 × 8) ndi 81 (9 × 9), kutanthauza kuti yankho lili m'ma 80. Mapeto ndi 6, choncho ndi 84 kapena 86. Kuti musankhe, gwiritsani ntchito 85, popeza square wa nambala yothera ndi 5 ndi wosavuta: chulukitsani 8 ndi nambala yotsatira, 8 × 9 = 72, n'kulemba 25 kumapeto, mupeza 7,225. Poti 7,396 yaposa pamenepo, tikutenga 86. Musaime apa, chulukitsani 86 × 86 pa pepala. Yatuluka 7,396, ndiye mwatsimikiza. Yesani njira yomweyi pa 2,416 ija: ikulozerani ku 46, koma 46 × 46 ndi 2,116. Kuchulukitsa komalizaku ndi kumene kumagwira wakuba.

   

Njira ina, imene amaikonda pa mayeso, ndi ya ma prime factor, manambala monga 2, 3 ndi 7 amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Gawani nambala mpaka itheretu: 1,764 = 2 × 2 × 3 × 3 × 7 × 7. Aliyense ali ndi mnzake, ndiye tengani mmodzi pa awiri alionse, 2 × 3 × 7 = 42. Akafunsa nambala yochepetsetsa yochulukitsa ndi 180 kuti ikhale perfect square, onani amene watsala yekha: 180 = 2 × 2 × 3 × 3 × 5, yankho ndi 5, ndipo 180 × 5 = 900.

Pa ma decimal werengani malo a kuseri kwa kadontho, nawonso akhale awiriawiri. Square root wa 0.09 ndi 0.3, koma wa 0.9 si 0.3, ali pafupi ndi 0.95.