Kujambula ndi lenzi yotchipa ya 420-800mm kuno ku Joni

Pa intaneti ndi m'mashopu a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito muno mu Johannesburg mumapezeka malenzi aatali olembedwa 420-800mm f/8.3-16, ena 650-1300mm f/8-16. Amabwera ndi mayina osiyanasiyana monga Opteka, Bower ndi Jintu, koma kapangidwe kake n'kofanana: chubu chachitsulo, magalasi ochepa, popanda waya kapena mota mkati. Mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa lenzi ya Canon kapena Nikon yofika patali chomwecho, n'chifukwa chake abale ambiri oyamba kumene kujambula amayamba ndi imeneyi. Ambiri amaiponya m'kabati pakangotha sabata, ati n'njachinyengo chifukwa zithunzi zonse zikutuluka mwachimbuuzi. Lenziyi ili ndi malire ake ndithu, koma chimbuuzi chambiri chimachokera ku zinthu zoti mwini kamera angathe kukonza.

Yambani ndi kulumikiza. Kumbuyo kwa lenzi kuli mazinga otchedwa T-mount kapena T2, ndipo pamafunika adaputa yogwirizana ndi kamera yanu, kaya ndi Canon EF, Nikon F, Sony E kapena ina. Samalani apa: pali mazinga ena akale otchedwa M42 amene kukula kwake ndi 42mm ngati T2, koma mipata ya mazinga ake ndi 1mm pomwe ya T2 ndi 0.75mm. Adaputa yolakwika imalowa kamodzi kapena kawiri kenako n'kulimba. Ikatero musakakamize, mudzapha mazinga. Mangani adaputa ku lenzi kaye, kenako lowetsani kukamera mpaka imveke kuti thapu. Mukaona kuti manambala a pa lenzi ali cham'mbali kapena pansi, m'mbali mwa adaputa muli timasikuluu titatu ting'onoting'ono. Timasuleni pang'ono, tembenuzani lenzi, n'kutimanganso. Muzitiyang'ana kawirikawiri chifukwa tikakhwepa lenzi imagwedera pakamwa pa kamera, ndipo fokasi imasuntha yokha.

Popeza palibe waya, kamera sidziwa kuti pali lenzi. Canon imalemba F00, zina zimalemba F--, ndipo si vuto. Pa makamera opanda galasi mkati, monga a Sony E ndi Canon EOS M kapena R, lowani mu menyu muyatse polembedwa Release without lens, apo ayi batani silidzajambula. Pa Nikon za D3000 ndi D5000 ndi anzake a m'magulu amenewo, lenziyi imagwira pa M pokha (Manual, pamene mumasankha zonse nokha) ndipo mita yoyezera kuwala sigwira, choncho mumajambula, n'kuyang'ana chithunzi, n'kusintha. Pa Canon DSLR, makamera okhala ndi galasi mkati, mita imagwira pa M ndi pa Av, pamene kamera imasankha yokha liwiro lojambulira. Ngati kamera yanu ili ndi choletsa kugwedera mkati mwake, ilembereni nokha utali wa lenzi umene mukugwiritsa ntchito. Mukaiwala n'kusiya pa 50mm pomwe muli pa 600mm, sichikuthandizani kanthu.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi manambala aja a f/8.3-16. Sakutanthauza kuti mungasankhe nokha pakati pa 8.3 ndi 16. Lenziyi ilibe chotsegula kapena kutseka bowo lolowera kuwala. Bowolo ndi limodzi, pafupifupi 50mm, ndiye mukamakoka lenzi kuti italike kuwala kofika pa sensa, kachipangizo kamene kamalandira chithunzi m'kamera, kumachepa: pa 420mm muli pa f/8.3, pa 600mm muli cha pa f/12, pa 800mm muli pa f/16. Kuchoka pa 420 kufika pa 800 kuwala kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zimene muli nazo m'manja n'ziwiri basi, liwiro la shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, monga 1/100 ya sekondi) ndi ISO (nambala imene mukaikweza chithunzi chimawala).

Tiwerengere pamodzi. Dzuwa likawala bwino masana, pa f/16 ndi ISO 100, shutter yoyenera ndi 1/100. Koma lenzi yaitali imakulitsa kunjenjemera kulikonse, ndipo pa kamera ya sensa yaing'ono ya APS-C, 800mm imaona ngati 1280mm pa Canon kapena 1200mm pa Nikon ndi Sony. Kuti kugwedera kusaoneke mufunika 1/1000 kapena kuposa, zomwe zikutanthauza ISO 1000 mpaka 1600 dzuwa lili phwee. Kukachita mitambo kapena mbalame ikakhala pamthunzi, ISO imakwera mpaka 6400, ndipo pa makamera akale chithunzi chimadzaza timadontho. Pa 420mm zinthu zimapepuka: ISO 400 ikupatsani 1/1600 padzuwa. Ife timalangiza kukhala pakati pa 420 ndi 600mm nthawi zambiri, n'kudzadula chithunzi pa kompyuta. Kumapeto kwa 800mm magalasi a malenzi otchipawa amafooka, ndipo mumataya kuwala popanda kupindula zambiri. Kagalasi kowonjezera ka 2x kamene kamabwera m'bokosi kamasandutsa f/16 kukhala f/32. Kasiyeni m'bokosi momwemo.

Pamanja pokha musayese, kupatula mwina pa 420mm padzuwa lamphamvu mutatsamira khoma. Lenzi ili ndi kolala yakeyake yokhala ndi bowo la tripod, ndipo tripod imangidwe pamenepo, osati pansi pa kamera, chifukwa kulemera kwa chubu kumakoka pakamwa pa kamera. Musatukule mzati wapakati wa tripod, ndipo timiyendo tating'ono ta pansi muzititulutsa pomalizira. Pa ngowe ya pansi kolekani chikwama chanu kuti ilemere, koma chizikhudza pansi pang'ono kuti mphepo isachipukuse. Ngati tripod yanu ndi yopepuka yapulasitiki, thumba lansalu lodzaza makilogalamu 2 a mpunga kapena nyemba limagwira bwino kuposa iyo. Liikeni pakhoma, pa windo la galimoto injini itazimitsidwa, kapena pa thabwa la m'kanyumba koonera mbalame, n'kugonekapo lenzi. Chala chanu pa batani chimagwedezanso kamera, choncho pa zinthu zosayenda gwiritsani ntchito timer ya masekondi 2, ndipo ngati chithunzi pa sikirini chikunjenjemerabe, ya masekondi 10. Pa DSLR jambulirani mu live view, kutanthauza poonera pa sikirini ya kumbuyo, chifukwa pa makamera ambiri galasi la mkati silimenya pa nthawi yojambula mukatero.

Tsopano fokasi, pamene pagona ntchito yonse. Dongosolo lake ndi ili, ndipo musalisinthe: masulani mphete yomangira zumu, kokani chubu mpaka pa utali umene mukufuna, mangani mpheteyo, kenako fokasani. Mukasintha zumu fokasi imachoka, ndiye muyambirenso. Mukaiwala kumanga mphete n'kuloza kumwamba, chubu chimatsetsereka chokha pang'onopang'ono inu osadziwa. Kupeza chinthucho m'kamera nakonso kumavuta, chifukwa pa 800mm mumaona kachigawo kosakwana madigiri 2. Chipezeni kaye pa 420mm, kapena yang'anani pamwamba pa chubu kuti muloze, kenako kokani.

Poyang'anira pa diso pamakhala mdima pa f/16, ndipo diso limanyengeka. Yatsani live view, ikani kabokosi pa diso la mbalame kapena m'mphepete mwa nyumba, kulitsani ka 5 kenako ka 10. Tembenuzani mphete ya fokasi ndi zala ziwiri mpaka mudutse pamene pakuoneka bwino, bwererani, dutsaninso pang'ono, n'kumachepetsa mpaka muime pakati. Chotsani dzanja, dikirani chithunzi chikhazikike, onaninso. Kuvuta kwake n'kwakuti malo ooneka bwino ndi ochepa kwambiri. Pa 800mm, chinthu chili mamita 20, gawo looneka bwino ndi masentimita pafupifupi 40 okha, ndipo pa mamita 10 ndi masentimita 10. Mbalame ikangotembenuka, mutu watuluka kale m'gawolo. Musadalire chizindikiro cha infinity (cha zinthu zakutali kwambiri) cholembedwa pa chubu, chifukwa mphete zambiri zimapitirira pamenepo, ndipo mukaitembenuza mpaka kumapeto ngakhale mwezi suoneka bwino. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito poyang'anira pa diso, konzani kaye kagudumu kakang'ono kali pambali pake mpaka manambala a mkati aoneke bwino m'diso lanu. Amene makamera awo ali ndi focus peaking, imene imapaka mtundu pamene fokasi yagwira, aiyatse, koma atsimikizebe pokulitsa chithunzi.

Phunzirirani pa mwezi, chifukwa ndi wowala ndipo suthawa. Pa 800mm mwezi umakula mamilimita pafupifupi 7 pa sensa, theka la kutalika kwa chithunzi cha APS-C. Ukakhala wathunthu yambani ndi ISO 400 ndi 1/250 pa f/16, ndipo musamvere mita, imene imanyengedwa ndi mdima wozungulira n'kusandutsa mwezi chibulumwa choyera. Zigwa ndi mapiri ake zimaoneka bwino mwezi uli theka, pamzere wolekanitsa kuwala ndi mdima, ndipo pamenepo ndi pofokasira pabwino. Nthawi imeneyo onjezani kuwala, mwina ISO 800 ndi 1/200. Mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi ziwiri zokha, choncho uikeni cha m'mbali kuti uziyenda kulowa pakati. Dzuwa lokha musaloze n'komwe. Lenzi yotere ingawotche sensa ndi diso lanu m'kanthawi kochepa.

Pali chimbuuzi china chimene ngakhale lenzi yodula siingachithetse, cha mpweya. Mukajambula chinthu chili makilomita angapo, kuwala kumadutsa mu mpweya wotentha wochokera pa phula ndi pa malata, ndipo mizere yowongoka imaoneka yopindikapindika. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, dzuwa lake ndi lamphamvu, ndiye ikamakwana 10 koloko m'mawa vutoli layamba kale. M'miyezi yozizira, kuyambira May mpaka August, kumwamba kumakhala kopanda mitambo koma pansi pamakhala utsi wa moto wolusa ndi fumbi, zimene zimafafaniza mitundu. Mpweya woyera umapezeka m'chilimwe mvula ya mabingu ya madzulo ikangokata, kapena m'mamawa wotsatira. Nthawi imeneyo kwerani pa phiri la Northcliff muloze ku tauni, Hillbrow Tower ya mamita 269 ija ndi nyumba yaitali ya Ponte zimatuluka bwino. Musajambule kudutsa pamwamba pa denga lotentha kapena boneti ya galimoto imene yangoima kumene.

Ndiye chithunzi chikalakwika, chikulitseni pa sikirini muone mtundu wa vutolo. Ngati chilichonse chili ndi mizere iwiri kapena chakokeka mbali imodzi, kamera inagwedera: kwezani shutter, limbitsani tripod. Ngati nthambi ya kutsogolo kapena udzu wa kumbuyo ukuoneka bwino koma mbalame ayi, fokasi inaphonya. Ngati nthambi imene yakhalapo ikuoneka bwino koma mutu wake wafufutika, mbalameyo inasuntha. Ngati zonse zikuoneka ngati zili pansi pa madzi oyenda, ndi mpweya, bwererani tsiku lina m'mawa. Mizere yofiirira kapena yobiriwira m'mphepete mwa nthenga zoyera ndi nthambi zoyang'ana kumwamba ndi chilema cha magalasi enieniwo. Imachepa mukajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona, n'kuichotsa ndi pulogalamu monga Lightroom, kapena darktable ndi RawTherapee zimene n'zaulere. Momwemo onjezaninso pang'ono contrast, kusiyana kwa powala ndi pamdima, chifukwa zithunzi za malenziwa zimatuluka zotuwa. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo kumbukirani kuti kuno masana limadutsa chakumpoto.

Pa mbalame yambirani ku Zoo Lake kapena Emmarentia Dam, kumene atsekwe ndi abakha anazolowera anthu ndipo amakhala pamtetete. Ku Marievale, pafupi ndi Nigel, kuli tinyumba toonera mbalame za m'madzi komwe thumba la mpunga lija limathandiza kwambiri. Ku Klipriviersberg kumwera kwa mzinda kuli mbidzi ndi nyumbu, zimene zimaima nthawi yaitali. Ziwombankhanga zakuda za ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort zimamanga chisa pathanthwe pafupi ndi mathithi a Witpoortjie. Zikamauluka simungazitsate ndi fokasi ya pamanja, koma fokasani pathanthwe pamene zimatera, n'kudikira. Nzeru yomweyo imagwira pa mpira wa Lamlungu wa abale athu. Pa 420mm munthu woimirira pa mamita 50 amadzaza chithunzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, choncho imani kutali, fokasani pa golo kapena pamene pakumenyedwera kona, ikani 1/1000, ndipo osewera akafika pamalopo jambulani zingapo motsatizana. Zambiri zidzatayika, ndipo ndi mmene zimakhalira ndi lenzi yotere. Pa ukwati kapena m'tchalitchi musainyamule n'komwe, mkati mulibe kuwala kokwanira.

Chubu chachitali choyera chimakopa maso, choncho poyenda mu taxi chikulungeni m'chikwama wamba, ndipo kumalo a phee monga m'mapiri pitani awiri kapena atatu.

Kukoka ndi kukankha kwa zumu kumapopera fumbi mkati, ndipo pa f/16 kafumbi kalikonse ka pa sensa kamaoneka ngati kadontho kakuda kumwamba. Jambulani khoma loyera kuti muone ngati kalipo, kenako uzirani ndi kapampu ka rabala kamera itayang'ana pansi, osati ndi pakamwa. M'nyengo ya mphepo ya August sinthirani lenzi m'nyumba kapena m'galimoto. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi kamera yanu, walitsani tochi ya foni mkati muone ngati magalasi alibe chuku chooneka ngati ulusi woyera, yesani ngati mphete yomangira zumu ikugwira chubu chitaloza kumwamba, ndipo jambulani chikwangwani chakutali pa 420 ndi pa 800 musanapereke ndalama.