Sangweji ya nsomba za m'chitini: kakonzedwe kake ndi zoyenera kusamala

Chitini cha nsomba ndi buledi zimakwanira kudyetsa munthu m'mphindi zochepa, popanda kusonkha moto. Nsombazo zinapsa kale kufakitale. Amazitsekera m'chitini n'kuzitenthetsa mpaka pafupifupi madigiri 120, kuposa madzi owira, kuti tizilombo tonse tife, ndipo n'chifukwa chake chitini chimatha zaka osawonongeka. Koma chitetezo chimenechi chimathera pamene mwatsegula. Kuyambira nthawi imeneyo, muli ndi nsomba yophika ngati ina iliyonse, ndipo muisamale motero.

Musanatsegule, chiyang'aneni chitinicho. Ngati chafufuma pamwamba kapena pansi, chikudontha, chadyeka ndi dzimbiri, kapena chapindika m'mphepete momwe chivundikiro chinalumikizidwa, chitayeni. Musalawe n'komwe. M'chitini chotere mungakhale poizoni wa kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, yemwe amafooketsa minyewa mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo nthawi zambiri sadziwika ndi fungo kapena maonekedwe. Chitini chikakhala bwinobwino, pukutani pamwamba pake kuti fumbi lisagwere mkati, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Pa mtundu wa nsomba, ine ndimalimbikitsa sardine, pilchard ndi mackerel. Zili ndi mafuta a omega-3 othandiza mtima, komanso vitamini D. Anthu ambiri amachotsa minga ya sardine n'kutaya, koma kutero ndi kutaya kashiamu wolimbitsa mafupa. Mingayo inafewa kale ndi kutentha kuja, ndipo mukaikanikiza ndi foloko imasakanikirana ndi nyama osadziwikanso. Tuna ndi yabwino kwa amene safuna fungo lamphamvu, kungoti nyama yake ndi youma. Komanso tuna zikuluzikulu zimakhala ndi poizoni wotchedwa mercury wochulukirapo, choncho amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asamadye tuna tsiku ndi tsiku. Sardine ndiyo yowayenera.

Tsopano nkhani ya madzi, yomwe imawononga masangweji ambiri. Nsomba zimabwera m'madzi amchere, m'mafuta, kapena mumsuzi wa tomato. Mukangokhuthulira zonse pabuledi, pakatha mphindi zochepa buledi uja asanduka phala. Tsegulani chitini pang'ono, kanikizani nsomba ndi chivundikiro chake, madzi onse atsike. Potero mwachepetsanso mchere, ndipo zimenezi n'zofunika, pakuti bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, pamene buledi ndi majarini zili kale ndi mchere wake. Lawani kaye musanawonjezere wina; nthawi zambiri mupeza kuti sukufunika. Za m'mafuta, siyanimo mafuta pang'ono kuti nyama isaume. Za mumsuzi wa tomato, vuulani nsombazo ndi foloko, kenako bwezeranimo supuni imodzi yokha ya msuzi.

Phwanyani nsombazo m'mbale, koma osapitiriza mpaka kusalala, tizidutswa tizionekabe. Chitini chaching'ono, cha magalamu 120 mpaka 170, chimakwanira masangweji awiri. Thiranimo anyezi wodula tating'onoting'ono, supuni yaing'ono ya madzi a mandimu, ndi tsabola ngati mumamukonda. Mandimu musawasiye, chifukwa ndi amene amachepetsa fungo ndi kukoma kwa mafuta kotopetsa kuja. Anyezi akakhala wolusa, muviikeni m'madzi ozizira mphindi 10, kenako mumufinye. Tuna imafuna supuni imodzi ya mayonezi, kapena dzira lowiritsa lophwanya, kuti igwirane. Sardine ili ndi mafuta okwanira payokha.

Pakani majarini kapena batala pa zidutswa zonse ziwiri za buledi, mpaka m'mphepete. Mafutawo amatchinga chinyezi kuti chisalowe m'buledi. Buledi wogona ndi wabwino kuposa wofewa kwambiri, makamaka mukamuwamba pachiwaya chouma mpaka afiirire pang'ono. Ngati mukuikamo tomato kapena nkhaka, dulani mopyapyala n'kuika pakati pa nsomba, kapena pamwamba pa tsamba la letesi lotsuka ndi kuumitsa, kuti zisakhudze buledi.

Sangweji ya nsomba imakoma ikadyedwa nthawi yomweyo, ndipo ndi nthawi yomweyonso imene ili yosaopsa. Isakhale panja pa firiji kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Tuna, mackerel ndi sardine zikakhala potentha chitini chitatsegulidwa, tizilombo timapangamo poizoni wotchedwa histamine, yemwe amafiiritsa nkhope, kuyabwitsa thupi, kupweteketsa mutu ndi kutsegula m'mimba patangopita mphindi zochepa munthu atadya. Kutenthetsanso nsombayo sikumuchotsa. Choncho mwana amene anyamula sangweji m'mawa kuti akadye masana, muikireni botolo la madzi oundana m'chikwama momwemo, moyandikana ndi chakudyacho. Wopita kuntchito anyamule chitini chosatsegula, buledi wopaka kale ndi ndimu limodzi, akakonzere komweko nthawi yodya ikakwana.

Zotsala musazisiye m'chitini. Zikhuthulireni m'mbale yagalasi kapena yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, ziikeni mufiriji yozizira madigiri 5 kapena kuchepera apo, ndipo zithe pasanathe masiku awiri. Ngati mulibe firiji, gulani zitini zazing'ono zoti zithe pa kudya kumodzi, ndipo mutsegule pokhapokha buledi, anyezi ndi odya ali kale patebulo.