Momwe mungayambire kuonera nyenyezi opanda telesikopu

Anthu ambiri akamva za sayansi ya zakuthambo amaganiza kuti ndi za anthu okhala ndi ma telesikopu odula. Ayi ndithu. Ine ndinayambira pa mkeka kumudzi kwa agogo, ndipo zambiri zomwe ndikuuzeni pano zimaoneka ndi maso okha basi.

Choyamba sankhani tsiku. Mwezi ukakhala wathunthu musavutike, kuwala kwake kumaphimba tinyenyezi tonse ting'onoting'ono. Dikirani masiku a mdima, ndipo sachedwa kubwera poti mwezi umamaliza ulendo wake m'masiku 29 ndi theka. Nyengo yabwino kuno ndi Meyi mpaka Julayi, mvula yatha koma utsi wa moto wa tchire ndi fumbi la Sepitembala sizinafike. Kumazizira koopsa, ndiye tengani juzi ndi bulangete.

Kenako pezani malo otalikira ndi magetsi, kaya pabwalo la mpira kaya kuseri kwa nyumba, ndipo musapite nokha. Ngati muli m'tauni magetsi akazima tulukani panja muyang'ane kumwamba, mudabwa.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: foni ikhale m'thumba. Maso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima ndipo mukangoyang'ana WhatsApp kamodzi kokha ndiye kuti mwayambiranso pachiyambi. Ngati mukufuna tochi, ikulungeni ndi kansalu kofiira, kuwala kofiira sikusokoneza maso kwambiri. Gonani chagada pa mkeka kuti khosi lisapweteke.

Tsopano tiyeni tisakesake. Mu Juni ndi Julayi cha m'ma 9 koloko usiku muona chinthu ngati utsi woyera chitadutsa kumwamba kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Si mtambo umenewo, ndi Mlalang'amba, nyenyezi mabiliyoni zomwe zili kutali kwambiri moti maso sangazilekanitse, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi mwa nyenyezi za m'gulu lomwelo. Tembenukirani kummwera, pali nyenyezi zinayi zopanga kamtanda kooneka ngati kaiti, dzina lake Southern Cross. Pambali pake pali ziwiri zowala ngati zikuloza kamtandako. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ili m'gulu la nyenyezi zoyandikana nafe kuposa zonse kupatula dzuwa, koma kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike m'maso mwanu, pomwe kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 zokha. Mukatalikitsa mzere wautali wa mtandawo kanayi ndi theka kulowera kuphazi kwake n'kutsikira pansi, kumeneko ndi kummwera, simungasochere.

Nthawi ya dzinja mitambo ikachoka, sakani nyenyezi zitatu zondondozana mzere umodzi. Makolo athu ankati Akamwiniatsatana, m'mabuku ndi lamba wa Orion. Mzere wakewo mukautsatira mbali imodzi mufika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, mbali inayo mufika pa kagulu kothinana ka Nsangwe, kapena kuti Pleiades. Yesani kuwerenga, ambiri amaona zisanu ndi imodzi.

Yomwe ine ndimaikonda ndi Nthanda. Agogo ankatiuza kuti mwezi uli ndi akazi awiri, Puikani wa kumadzulo yemwe amaudyetsa bwino mpaka kunenepa, ndi Chekechani wa kummawa yemwe amaumana nsima mpaka kuwonda. Tangoganizani, akazi awiriwa ndi chinthu chimodzi, Nthanda yomweyo, pulaneti ya Venus, miyezi ina imaoneka madzulo miyezi ina mbandakucha. Ndipo makolo anaona zoona, chifukwa mwezi ukakhala kumadzulo madzulo umakhaladi ukukula, ukamaoneka kummawa m'mamawa umakhala ukutha. Anazidziwa pongoyang'ana, opanda chida chilichonse.

Kusiyanitsa pulaneti ndi nyenyezi n'kosavuta, nyenyezi imaphethira, pulaneti imangowala phee. Yofiirira yosaphethira ndi Mars. Kadontho koyenda pang'onopang'ono osathwanima, musathawire m'nyumba, nthawi zambiri imakhala satelaiti. Zija timati nyenyezi yagwa ndi timiyala tomwe tikupsa polowa mumpweya wa dziko, ndipo zimachuluka cha pa 5 ndi 6 Meyi mbandakucha komanso pa 13 ndi 14 Disembala.

Mukazolowera, ikani pulogalamu ya Stellarium pa foni, mukailozetsa kumwamba imakuuzani dzina la chomwe mukuona, koma tsegulani night mode yake yofiira ija. Ndalama ikapezeka musathamangire telesikopu, yambani ndi ma binoculars olembedwa 7x50 kapena 10x50. Tsamiritsani zigongono pa khoma kuti manja asanjenjemere, muona maenje a pamwezi komanso timadontho tinayi pafupi ndi pulaneti ya Jupiter, miyezi yake yomwe katswiri wa zakuthambo Galileo anaiona mu 1610.

Chonde, dzuwa lokha musaliyang'ane, kaya ndi maso kaya ndi ma binoculars, ngakhale pa kadamsana, maso amaonongeka osamva kupweteka. Ana auzeni zimenezi musanawapatse chidacho.

Tengani kope muzilemba tsiku, nthawi ndi zomwe mwaona. Pakatha mwezi bwererani pamalo pomwepo nthawi yomweyo, mupeza kamtanda kaja kapendekekera kumadzulo.