Musanapereke fomu ya mafunso kwa odwala olankhula Chisipanishi

Anamwino ndi oyang'anira mawodi amene mumalandira odwala ochokera ku Mexico, Guatemala kapena Puerto Rico, fomu yofunsa mmene wodwala wasamalidwira musamangoimasulira n'kuthamangira nayo kosindikiza. Iyambe yayesedwa pa odwala enieni.

Choyamba fufuzani ngati ya m'Chisipanishi ilipo kale. Ku America, fomu ya HCAHPS, yomwe zipatala zinayamba kugwiritsa ntchito mu 2006, imafunsa ngati anamwino ankalemekeza wodwala, kumumvetsera ndi kumufotokozera zinthu momveka. Imeneyo ili kale m'Chisipanishi, tengani yomweyo osasinthako kanthu.

Fomu imene mukufuna ikakhala kuti ili m'Chingerezi chokha, pezani omasulira awiri amene Chisipanishi anachita kuyamwira, wina wodziwa zachipatala, wina wosadziwa. Aliyense amasulire payekha, kenako agwirizane chimodzi. Ena amene sanaionepo fomu yoyambayo aibwezere m'Chingerezi kuti muone pomwe tanthauzo lasokonekera.

Ambiri amalekera pamenepo, chonsecho ntchito yeniyeni ndi yotsatirayi. Ndondomeko yomasulira mafomu otere imene Beaton ndi ofufuza anzake analemba m'chaka cha 2000 imati muiyese pa anthu 30 mpaka 40. Kokani mpando, khalani pambali pa bedi, muwerengereni wodwala funso limodzi, ndiye mumufunse kuti, "Bambo, inuyo mwamva kuti likufunsa chiyani?" Musamuthandize kuyankha. Akakhala chete kapena akayang'ana mwana wake kuti amuyankhire, lembani chizindikiro pa funsolo. Funsaninso kuti akamati namwino akunena ndani, chifukwa ena amawerengera aliyense wovala yunifolomu, ngakhale wobweretsa chakudya.

Ulemu nawo umasocheretsa. Gogo wobadwira kumudzi ku Guatemala sangafune kuchititsa manyazi amene amusambitsa m'mawa, ndiye funso lililonse angoti siempre, kutanthauza nthawi zonse. Ife Amalawi khalidweli sitilidabwa. N'chifukwa chake wofunsa asakhale namwino wa muwodi momwemo, ndipo wodwala auzidwe kuti dzina lake silikafika kwa omusamalira. Polemba gwiritsani usted, mawu aulemu ofanana ndi "inu", osati tú, ofanana ndi "iwe".

Komanso Chisipanishi cha ku Madrid ku Spain si cha ku Bogotá ku Colombia. Fomu ina yofunsa za chisamaliro cha anamwino, ya ku Newcastle ku England, itasinthidwa ku Spain mu 2005 n'kutchedwa CUCACE, ku Colombia anaiyesanso pa odwala akwawo. Nanunso odwala anu akasintha kochokera, bwererani pabedi ndi mafunso omwe aja.