Momwe Mungapezere Cholakwika mu Script Yophatikiza Mizere ya Mafayilo Angapo

Ngati script (pulogalamu yaifupi) ya Python yomwe ikuphatikiza mafayilo a CSV (mafayilo a matebulo omwe magawo ake amalekanitsidwa ndi makoma) kuti alowe mu database (nkhokwe ya deta) ya SQLite ikutulutsa mizere yosakwanira, musathamangire kulemba ina, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala m'mafayilo momwemo.

Yambani ndi kuwerenga. Lamulo la wc -l, lolembedwa mu terminal, likupatsani chiwerengero cha mizere ya fayilo iliyonse. Muwonkhetse, muchotsepo mizere ya mitu (yokhala ndi mayina a magawo), kenako muyerekeze ndi zomwe SELECT COUNT(*), lamulo lowerenga mizere ya mu database, ikubweza. Ngati mu script muli INSERT OR IGNORE, sinthani kaye kuti ikhale INSERT chabe, popeza INSERT OR IGNORE imadumpha mizere yobwerezedwa mwakachetechete.

Pomwe panandivuta ine ndi kumapeto kwa fayilo. Mafayilo ena amatha opanda chizindikiro chotseka mzere, ndipo mukawalumikiza ndi lamulo la cat, mzere womaliza wa fayilo yoyamba umamatirana ndi mzere wa mitu wa fayilo yachiwiri. Zikatero script imaona mzere umodzi wautali wokhala ndi magawo ochuluka, n'kuukana kapena kuulowetsa wopotoka. Ngakhale wc -l imasokeretsa pamenepa, chifukwa imawerenga zizindikiro zotseka mzere, osati mizere yeniyeniyo. Lembani tail -c 1 dzina.csv | xxd, ndipo ngati simukuona 0a, yomwe ndi chizindikiro chotseka mzere, fayiloyo ndi yomwe ikusokoneza. Mankhwala ake ndi kutsegula fayilo iliyonse payokha ndi csv.reader ya Python m'malo mozimata kaye pamodzi. Onaninso kumayambiriro: Excel ikasunga fayilo ngati CSV UTF-8 imaika ma byte atatu osaoneka, EF BB BF, omwe amamatirira ku dzina la gawo loyamba, mpaka script imadandaula kuti dzinalo kulibe pomwe inu mukuliona ndi maso. Potsegula fayilo gwiritsani ntchito encoding="utf-8-sig".

Pali anthu amene amagulitsa mapulogalamu akuba pa flash, n'kumanena kuti amakonza mafayilo owonongeka. Musataye ndalama, pakuti ena mwa mapulogalamuwo amabwera ndi ma virus, pomwe Python, SQLite ndi DB Browser for SQLite ndi zaulere; chomwe mungalipire ndi bandulo yokha.

Zotsalazo n'zachidule. Manambala a foni asungidwe ngati TEXT (mawu, osati nambala), apo ayi ziro woyamba wa 088 kapena 099 asowa. Chotsani mipata yapamapeto ndi strip(), musaiwale commit() yomwe imasunga zomwe mwalowetsa mu database, ndipo yesani zonsezi pa kope la database musanakhudze yeniyeniyo.