Momwe mungaikire malire a alamu pa mita yoyeza madzi a m'paipi

M'mafakitale ambiri a ku Workington, Southerton ndi Msasa mumzinda wa Harare madzi amachokera pa borehole, ndipo pampu ikazungulira youma kwa kanthawi imapsa. Alamu ya pa flow meter (mita yoyeza madzi odutsa m'paipi) ndiyo imayenera kukudziwitsani zinthu zisanafike pamenepo, koma ikaikidwa mongoganizira imangolira tsiku lonse mpaka a pa shifiti atopa nayo n'kuizimitsa.

Musanakhudze batani lililonse, dziwani mmene madzi amayendera m'paipi yanuyo zinthu zikakhala bwino. Onani zimene mita yakhala ikulemba, usana ndi usiku, komanso nthawi yotsuka mathanki. Tiyerekeze kuti mita imayeza kuyambira 0 mpaka 100 m³/h (makyubiki mita pa ola), ndipo masiku onse madzi amasewera pakati pa 60 ndi 70.

Kenako tsimikizani kuti mita ndi PLC (kompyuta yoyendetsa makina) zikugwirizana. Mita zambiri zimatumiza muyeso wake ku PLC ngati mphamvu ya magetsi ya 4 mpaka 20 mA (milliamp): 4 mA ndi ziro, 20 mA ndi mapeto a sikelo. Pa chitsanzo chathuchi 12 mA ndi 50 m³/h. Ngati pa mita munaika 100 koma mu PLC mudakali 120 yakale, malire onse asokonekera, ndipo izi zimachitika kawirikawiri mita ikasinthidwa.

Tsopano lowani pa menyu ya alamu. L (madzi achepa) ndi H (madzi achuluka) ndi zochenjeza munthu, LL (achepetsetsa) ndi HH (achulukitsitsa) ndi zoimitsa makina. Mukhoza kuika L pa 45, H pa 80, HH pa 90. LL musaiganizire nokha, onani m'buku la pampu madzi ochepetsetsa amene imafuna kuti isatenthe, ndipo muike malire pamwamba pake pang'ono. Pakati pa L ndi LL pakhale mpata woti munthu achoke pomwe wakhala, akafike pa valavu. Mpatawo ukachepa, L ilibe ntchito.

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha: deadband (mpata woti nambala ibwerere alamu isanazime) ndi delay (nthawi yodikira alamu isanalire). Madzi m'paipi sakhazikika, nambala imakwera ndi kutsika, 79, 81, 79, ndiye alamu imayaka n'kuzima ngati indiketa ya kombi. Poyambira pabwino pa flow ndi deadband ya 5 peresenti ndi delay ya masekondi 15. Ndiye kuti H ikalira pa 80 siizima mpaka madzi atsike kufika pa 75. Koma LL yoteteza pampu musaichedwetse kwambiri.

Kuno kwathu palinso nkhani ya kuthima kwa magetsi. Jenereta ikalira, pampu imayamba paipi ili ndi mpweya, ndipo LL ikhoza kuizimitsanso nthawi yomweyo. Ikani kanthawi koti alamu ya pansi idikire pampu ikangoyamba. Yezani ndi wotchi kuti paipi imadzaza pa masekondi angati. Ngati mita ndi ya maginito, yatsaninso empty pipe detection (yozindikira kuti paipi sinadzaze), chifukwa paipi yosadzaza imapereka manambala abodza.

Ikaninso alamu ya kuwonongeka kwa mita yeniyeniyo. Malinga ndi NAMUR NE 43, muyezo umene opanga mita ambiri amatsata, 3.6 mA kutsika m'munsi kapena 21 mA kukwera m'mwamba si madzi ayi, ndi waya woduka kapena mita yodwala.

Pomaliza yesani. Uzani a pa shifiti, chotsani lupu (dera la mita, PLC ndi pampu) pa otomatiki, mutumize 11.2 mA ndi loop calibrator (chida chotumiza mA m'malo mwa mita): L iyenera kulira. Pa 16.8 mA ilire H. Lembani manambala onse ndi tsiku m'buku la pa shifiti, mubwezere lupu pa otomatiki.