Momwe mungalondolere zofuna za kasitomala mpaka mu khodi popanda kulemba pamanja

Tiyerekeze kuti mukulemba pulogalamu ya kopaletivu ya alimi a mpunga ku Lifuwu. Patapita miyezi 6 mlembi wa kopaletivu akufunsani kuti: "Lamulo lija loti thumba la mpunga wonyowa lizichotseredwa makilogalamu 2 lili pati mu khodi, ndipo munaliyesa?" Ngati yankho lili mu Excel yomwe munthu amaikonza akakumbukira, simungamuyankhe motsimikiza. Ntchito yolondola imeneyi isiyireni kompyuta.

Yambani ndi kupatsa chofuna chilichonse nambala yakeyake, monga ZOF-014, n'kuchilemba m'fayilo yokhala mu Git (chida chosunga mbiri ya zosintha zonse za khodi) pamodzi ndi khodi. Chikhale chinthu chimodzi chotheka kuyesa. "Pulogalamu izithamanga" sichingayesedwe, koma "lisiti lituluke pasanathe masekondi 3" n'chotheka. Chofuna chikachotsedwa, nambala yake musaipatsenso china, apo ayi ma commit (zosintha zomwe munasunga mu Git) akale adzaloza zinthu zolakwika.

Kenako nambalayo izilembedwa m'dzina la branch (nthambi ya khodi yomwe mukugwirirapo ntchito) ndi mu uthenga wa commit iliyonse. Anthu amaiwala, choncho lembani hook ya commit-msg (kapulogalamu komwe Git imayendetsa yokha mukamapanga commit) yokana uthenga wopanda "ZOF-" ndi manambala atatu. Ubwino wake imagwira ntchito ngakhale netiweki itavuta. Apa ambiri amapunthwa: foda ya .git/hooks siimakopedwa mnzanu akapanga clone (akakopera pulojekiti pa kompyuta yake). Ikani hook mu foda ya .githooks, ndipo aliyense alembe git config core.hooksPath .githooks kamodzi. Ngati pa GitHub mumagwiritsa squash merge, nambala ikhalenso pamutu wa pull request (pempho loti zosintha zanu ziphatikizidwe, kapena kuti merge, mu khodi yaikulu), chifukwa ma commit onse amasanduka imodzi.

Mayeso nawonso anyamule nambala. Mu pytest, chida choyesera khodi ya Python, lembani @pytest.mark.zofuna("ZOF-014") pamwamba pa test, lembetsani marker (chizindikiro) imeneyi mu pytest.ini, ndipo yatsani --strict-markers kuti dzina lolembedwa molakwika lisadutse mwakachetechete.

Tsopano ikani script mu GitHub Actions kapena GitLab CI (zida zoyendetsa macheke zokha pa seva) yoti izitulutsa mindandanda iwiri pa push iliyonse (nthawi iliyonse khodi ikatumizidwa ku seva): zofuna zopanda test, ndi ma test otchula nambala yomwe kulibe. Chikapezeka ngakhale chimodzi, merge ikanidwe. Kucheka pa seva n'kofunika chifukwa hook ya pa laputopu munthu angathe kuilambalala ndi --no-verify.

Vuto lalikulu kuposa onsewa limabisala. Komiti ya kopaletivu yasintha lamulo, makilogalamu 2 asanduka 3, wina wakonza fayilo ya zofuna, koma test ikuyesabe 2 ndipo zonse zikuoneka zobiriwira, kutanthauza kuti mayeso adutsa. Nambala ikugwirizana, zochita sizikugwirizana. Mankhwala ake: script izisunga hash ya SHA-256 (chidindo cha manambala ndi zilembo chowerengeredwa kuchokera ku mawuwo) ya mawu a chofuna chilichonse. Mawu akasintha, hash imasintha, ndipo merge iime mpaka munthu aunikenso test n'kuvomereza. Doorstop, chida chaulere cha Python chosunga zofuna m'mafayilo a YAML, chimachita zofanana ndi izi pakati pa zolemba zolumikizana, kotero chiyeseni musanalembe zanuzanu.